NJIRA IKATHA NTCHITO TISAITAYE

Mau olankhulidwa kwa ophunzira a sukulu za kwacha m'boma la Karonga

 

Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya njira. Ndiyamba ndi njanji, ngakhale kuti kuno ku Karonga kulibe njanji. Ndikudziŵa kuti ena mwayamba kale kufunsa mumtima kuti, "Nanga ife za njanji zikutikhudza bwanji?" Dekhani pang'ono. Tikamafika kumapeto mudzaona kuti nkhaniyi ndi ya pakhomo pathu pomwe, pakuti ikukhudza ana athu popita kusukulu, ndi ife tomwe popita kumsika, kuchigayo ndi kuchipatala.

Njanji imene sitima inaleka kuyendapo

Kale, magalimoto asanachuluke, maiko a ku Ulaya ndi ku Amereka anamanga njanji zambirimbiri. Ngakhale timatauni tating'ono tinali ndi siteshoni yake. Koma magalimoto ndi malole atachuluka, anthu anayamba kuthaŵa sitima. Njanji zina zinayamba kudya ndalama zambiri koposa zimene zinkabweretsa. Ku Britain, mu 1963, mkulu woyang'anira njanji dzina lake Richard Beeching analemba lipoti lonena kuti njanji zosapindula zitsekedwe. M'zaka zotsatira anatseka njanji zotalika makilomita zikwizikwi.

Tsono panabuka funso: malo amene munkadutsa njanji aja tichite nawo chiyani? Kwina anawagulitsa zidutswazidutswa. Uyu anamangapo nyumba, uyo anaikapo mpanda, winanso analimapo. Kumeneko njira inafera pomwepo. Kwina anangowasiya mpaka anasanduka tchire.

Koma kunali anthu ena amene anaganiza mwanzeru. Iwo anati, "Tiyeni tichotse zitsulozi, tisalaze pamwambapa, njira ikhale ya anthu oyenda pansi ndi okwera njinga zakapalasa." Ndipo anachitadi zimenezo. Pa njira zoterezi galimoto siloledwa. Mumayenda ana a sukulu, anthu opita kuntchito, nkhalamba zoongola miyendo, amayi okankha ana m'tingolo, anthu aulumali pa njinga zao, ndipo kwina ngakhale okwera akavalo. Njira imodzi, ntchito zambiri.

Nchifukwa ninji njanji yakale imakhala njira yabwino chotere? Zifukwa zake zilipo zitatu.

Choyamba, sitima sitha kukwera chitunda chachikulu. Choncho omanga njanji amadula mapiri ndi kukwirira zigwa kuti njira ikhale yosalala. Pamene sitima inkayenda bwino, munthu wa njinga sangatsike kuti akankhe.

Chachiŵiri, milatho ndi makalavati zimakhala zilipo kale. Pansi pamakhala polimba chifukwa cha miyala imene anathira. Madzi a mvula amakhala ndi ngalande zao. Zimenezi ndizo zimadya ndalama zambiri pomanga njira yatsopano.

Chachitatu, ndipo ichi nchachikulu, malo ake amakhala amodzi osadukiza, kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Mukafuna kutsegula njira yatsopano lero, muyenera kupempha mwini munda aliyense mmodzimmodzi. Mmodzi yekha akakana, njira yaduka. Pa njanji yakale vuto limenelo linatha kale.

Zitsanzo zitatu

Ku Amereka, m'chigawo cha Wisconsin, kuli njira yochokera ku Elroy kufika ku Sparta. Ndi yotalika makilomita 52, ndipo imadutsa m'mapanga atatu amene anaboola m'mapiri kuti sitima izidutsa. Inatsegulidwa kwa anthu mu 1967. Imeneyi ndi imodzi mwa njira zoyambirira za mtundu umenewu.

Ku Britain kuli ina yolumikiza mizinda ya Bristol ndi Bath, makilomita 21. Chimene ndikufuna kuti mumve pa imeneyi nchakuti ntchito yaikulu inagwiridwa ndi anthu odzipereka, kuyambira mu 1979 mpaka mu 1986. Anali anthu wamba okonda njinga amene anatopa ndi kuopsezedwa ndi magalimoto pamseu. Anatenga mafosholo ndi mawilibala, monga momwe ife timachitira poumba njerwa za sukulu. Lero anthu ambiri amadzera njira imeneyo popita kuntchito ndi kusukulu.

Ku New Zealand, m'chigawo cha Otago, njanji inatsekedwa mu 1990. Timatauni ta m'mbali mwake tinayamba kuzilala, achinyamata nkumasamuka. Mu 2000 anatsegula njira ya njinga yotalika makilomita 150 pamalo a njanji paja. Alendo anayamba kubwera kudzapalasa njinga masiku atatu kapena anai. Mlendo amafuna pogona, chakudya, ndi wina womukonzera njinga. Motero eni midzi anatsegula malo ogona ndi odyera, ndipo timatauni tija tinayambanso kupuma.

Pali chinthu chinanso. Mu 1983 dziko la Amereka linakhazikitsa lamulo lakuti njanji yotsekedwa ikhoza kusungidwa ngati njira ya anthu, koma tsiku lina sitima ikadzafunikanso, malowo adzabwezedwe. Zili ngati mbeu imene mwaika padera m'nkhokwe kudikira dzinja. Anthu akamayendapo tsiku ndi tsiku, palibe amene angamangepo nyumba.

Njanji za kwathu kuno

Tiyeni tibwerere kumudzi. M'dziko lathu sitima yoyamba inafika ku Blantyre mu 1908, kuchokera ku Nsanje, kumene nthaŵi imeneyo kunkatchedwa Port Herald. Mu 1935 njanji inafika ku Salima. Mu 1970 anatsegula ina yodzera ku Liwonde ndi Nayuchi kupita ku doko la Nacala. Inafika ku Lilongwe mu 1979, ku Mchinji mu 1980, ndipo mu 2010 inaoloka malire kufika ku Chipata m'dziko la Zambia. Kuno kumpoto sinafike. Njanji imene tili nayo pafupi ndi ya TAZARA, yochokera ku Dar es Salaam kudzera ku Mbeya ndi Tunduma mpaka ku Kapiri Mposhi, imene inayamba ntchito mu 1975.

Pa njanji ya kumwera pali phunziro. Kuti sitima zathu zizifika ku Beira, anamanga mlatho waukulu pa mtsinje wa Zambezi, pakati pa Sena ndi Mutarara m'dziko la Mozambique. Dzina lake ndi Dona Ana. Unatha mu 1935, ndipo ndi wotalika pafupifupi makilomita anai. Pa nkhondo ya ku Mozambique, m'zaka za m'ma 1980, mlathowo unaonongedwa ndipo sitima zinaleka kuyenda. Nkhondo itatha, mu 1995, anaukonza nkuikapo matabwa kuti pazidutsa magalimoto, pamene anthu oyenda pansi ndi a njinga ankadzera kanjira ka m'mbali mwake. Kenaka malasha a ku Moatize atafunika kupita kudoko, anaubwezeranso kukhala wa sitima mu 2009. Taonani, mlatho umodzi womwewo: poyamba sitima, kenaka magalimoto, kenaka sitimanso. Unatha kusintha ntchito chifukwa sunatayidwe.

Mbali ya kwathu zinthu zinavuta. Mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pafupi ndi mlatho wa ku Chiromo, ndipo chigawo cha ku Nsanje chinakhala zaka zoposa 20 sitima osayendapo. Ntchito yokonzanso kuyambira ku Marka kuloŵera ku Bangula inayamba mu 2022. Njira ikakhala nthaŵi yaitali chotere yopanda woisamala, mitengo imamera, zitsulo zimasoŵa, madzi amakumba, ndipo poikonzanso zimakhala ngati kuyamba pachiyambi.

Mseu wa Stevenson

Tsopano tafika pa Karonga penipeni. Njanji tilibe, inde. Koma tili ndi njira yakale imene inadziŵika mpaka ku Ulaya, ndipo inayambira pompano.

Mu 1881 munthu wina wachuma wa ku Scotland, James Stevenson, analonjeza mapaundi 4,000 kuti alime mseu wolumikiza nyanja yathu ino ndi nyanja ya Tanganyika. Mtunda wake ndi makilomita oposa 300. Cholinga chinali chakuti katundu wa amishoni ndi wa kampani ya African Lakes, imene timaidziŵa kuti Mandala, akatsika m'sitima ya pamadzi kuno, azipitirira pamtunda mpaka kunyanja inayo. Injiniya woyamba, James Stewart, anamwalira ndi malungo mu 1883. Amene anamuloŵa m'malo, William McEwan, anamwaliranso mu 1885. Maina a azungu aŵiriŵa analembedwa m'mabuku. Koma amene anagwira makasu, kugubuduza miyala ndi kusenza mitolo pamutu anali anthu akuda, ena a kuno, ena ochokera kumwera kwa nyanja.

Mseuwo sunathe wonse. Analima chigawo chochokera kunyanja kukwera kumapiri, kuloŵera kumene lero kuli Chitipa. Kutsogoloko kunatsala kanjira ka miyendo. Komabe kanjirako kanagwira ntchito yaikulu. Sitima ya pamadzi yotchedwa Good News, ya amishoni a London Missionary Society, inasenzedwa zidutswazidutswa pamitu ya amtengatenga kuchokera kuno mpaka kunyanja ya Tanganyika, kumene anailumikiza nkuiika pamadzi mu 1885. Kampani ya Mandala inatsegula sitolo yake pano pa Karonga mu 1884. Pambuyo pake nthambo za telegalafu zinatsata mbali yomweyo.

Ndipo mverani izi. Mu 1890, pamene Angerezi ndi Ajeremani ankagaŵana maiko ano, Angerezi anaumirira kuti mseu wa Stevenson ukhale mbali yao. Ichi nchimodzi mwa zifukwa zimene malire athu ndi Tanzania ali pa mtsinje wa Songwe. Mseu wosatha nkomwe unathandiza kulemba malire a dziko.

Njira za kuno zinaonanso misozi. M'zaka zomwezo Mlozi, wogula akapolo, anamanga linga lake ku Mpata, pafupi ndi njira yokwera kumapiri. Midzi ya Angonde inatenthedwa, anthu nkugwidwa. Nkhondo yolimbana naye inayamba mu 1887, ndipo anagonjetsedwa nkuphedwa mu December 1895. Mu 2011 dziko lathu linapereka ku bungwe la UNESCO mndandanda wa njira za akapolo zoyenera kusungidwa ngati chuma cha mbiri, ndipo Karonga ali pamndandandapo.

Lero tili ndi mseu wa tala wopita ku Chitipa, umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la China. Ndi wabwino, ndipo tikuthokoza. Koma mseu watsopano ukamangidwa, suponda paliponse pamene pankadzera wakale. Pena umaongola, pena umalambalala. Zidutswa za mseu wakale zimatsala pambali. Chimodzimodzinso ndi mseu waukulu wa M1, ndi njira zimene makolo athu ankadzera popita kudoko, kudambo ndi kumudzi wa mfumu. Zimenezi ndizo njanji zathu zakale ife a Karonga.

Chifukwa chake tikuzifuna lero

Amayi ndi abambo, dera lathu la m'mbali mwa nyanja ndi lachidikha. Kuyambira ku Kaporo mpaka ku Chilumba, njinga ndiyo galimoto yathu. Thumba la mpunga wochokera ku Hara, ku Wovwe kapena ku Lufilya limayenda panjinga kapena pangolo. Nsomba, chinangwa, nthochi, makala, zonsezi panjinga. Wodwala amapita kuchipatala panjinga. Anyamata athu ambiri akudya za kabaza.

Koma tonsefe timathira pamseu umodzi. Pa M1 pamadutsa malole a mafuta ndi a katundu ochokera ku Dar es Salaam kudzera pachipata cha Songwe. Pamadutsa mabasi, maminibasi ndi njinga zamoto. Pomwepo pali mwana wa Sitandade 1 ndi kabuku kake m'manja, pali gogo ndi mtolo wa nkhuni, pali ng'ombe zopita kukamwa madzi. Lole yodzaza siima msanga ngakhale woyendetsa ataponda buleki ndi mphamvu zake zonse. Malole aŵiri akamapambana, wa njinga alibe kothaŵira koma kudzigwetsera m'ngalande.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1,190,000 amafa pangozi za pamseu chaka chilichonse. Oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto. Ndipo poyerekeza ndi chiŵerengero cha anthu, kuno ku Africa ndiko ngozizi zimapha kwambiri. Sindikusoŵa kukuuzani zambiri. Ndani pano amene sanapiteko kumaliro a munthu wogundidwa pamseu?

Tsono ngati pali njira ina yoti mwana afike kusukulu osaponda tala, njira imeneyo ndi mankhwala. Koma njira zoterezi zikutha. Chaka chino mwini munda wapitiriza mzere umodzi. Chaka cha maŵa mnzake wa mbali inayo wachitanso chimodzimodzi. Pamene pankadutsa ngolo patsala poponda phazi limodzi. Kenaka wina waikapo mpanda, ndipo ana ayamba kuzungulira kumseu waukulu. Palibe amene anaitana msonkhano woti njira itsekedwe. Inangotha pang'onopang'ono, tonse tikuona.

Zimene tingachite

Zimene anachita a ku Bristol ifenso tingathe, pakuti ntchito yodzithandiza tokha sitikuiphunzira lero. Nazi mfundo zisanu ndi imodzi.

1. *Kufufuza.* Tengani akuluakulu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, muyende nawo. Akuonetseni kumene kunkadzera mseu wakale ndi njira zakale. Wina mwa inu atenge kope ndi pensulo. Lembani dzina la njira, kumene ikuyambira, kumene ikuthera, mitsinje imene ikuoloka, ndi nkhani zimene akuluwo akukumbukira. Jambulani mapu, ngakhale okhotakhota.

2. *Kusankha.* Musayambe ndi njira khumi. Sankhani imodzi imene ingachotse anthu ambiri pamseu waukulu, makamaka yopita kusukulu, kuchipatala kapena kumsika. Ngakhale ikhale ya kilomita imodzi, yambani ndi yomweyo. M'mera mpoyamba.

3. *Kupangana.* Nkhaniyi ipite kwa a nyakwaŵa ndi a gulupu, ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kenaka kwa mfumu yaikulu ndi ku khonsolo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo m'midzi. Pamene anthu akulembetsa minda yao, njira ya anthu onse nayonso ilembedwe, kuti isamezedwe ndi munda wa munthu. Panganani za kukula kwake. Ngati mukufuna kuti ngolo ndi njinga zizipambana bwino, siyani mamita anai kapena asanu. Panganolo lilembedwe papepala, eni minda asaine, mfumu idinde.

4. *Kuika malire.* Chikhomo cha mtengo chimadyedwa ndi chiswe, mwina kuzulidwa usiku. Malire abwino ndi amoyo. Bzalani khonje kapena udzu wa vetiva m'mbali monse, ndiponso mitengo ya mthunzi monga mango, mbaŵa ndi msangu. Dzuŵa la kuno mukulidziŵa. Njira ya mthunzi anthu amaikonda okha popanda wowakakamiza.

5. *Kuteteza ku madzi.* Mdani wamkulu wa njira ya dothi ndi madzi. Pakati pa njira pakhale pokwera pang'ono ngati msana wa ng'ombe, kuti madzi azitsikira m'mbali. Kumbani ngalande mbali zonse ziŵiri, ndipo muzipatutsira madziwo kutchire pafupipafupi asanakule mphamvu. Lambulani ngalandezo mvula isanayambe. Tonse tikudziŵa zimene mitsinje ya Rukuru, Lufilya ndi Songwe imachita ikakwiya. Pamene pakufunika kalavati kapena mlatho, lembani kalata ku khonsolo yopempha simenti ndi mmisiri. Mchenga, miyala ndi manja zikhale zathu.

6. *Kuika malamulo ndi zikwangwani.* Galimoto isaloŵe. Nanga njinga zamoto? Zimenezo mukambirane, koma kumbukirani chimene mwakonzera njirayo. Ngolo ndi ng'ombe zisadutse pamene pali matope, chifukwa zimakumba maenje. Aliyense ayende kumanzere, ndipo wa njinga aimbe belu. Zikwangwani mulembe nokha: dzina la njira, kumene ikupita, ndi makilomita ake. Mulembe m'Chicheŵa, m'Kyangonde kapena m'Chitumbuka, malinga ndi chilankhulo cha kwanuko.

Mafunso amene ena adzafunsa

Wina adzati, "Mukufuna kundilanda munda." Muyankheni mwaulemu, pakuti malo ndi moyo. Musapite ndi zikwanje kukadula chimanga cha mnzanu. Dikirani akolole, khalani pansi pamaso pa mfumu, ndipo ngati nkotheka mitengo ya zipatso imene yabzalidwa kumbali kwa munda wake ikhale yake. Mwana wake yemwe adzadzera njira yomweyo.

Wina adzati, "Njira ya kutchire njoopsa kwa atsikana ndi amayi." Mau amenewo ndi oona ndipo tisawapeputse. Nchifukwa chake tizitchetcha udzu m'mbali, tisasiye zitsamba zobisalamo munthu, ndipo ana aziyenda m'magulu. Njira imene mukudutsa anthu ambiri, wachifwamba amaiopa.

Wina adzati, "Adzaisamala ndani?" Funso limeneli ndilo lagwetsa zitukuko zambiri. Tonse taonapo mijigo yakufa chifukwa panalibe woiyang'anira. Gaŵanani njirayo, mudzi uliwonse kapena banja lililonse chigawo chake, ndipo pakhale masiku odziŵika ogwirira ntchito, mvula isanayambe ndiponso itatha. Mutu umodzi susenza denga.

Winanso adzati, "Kodi alendo adzabwera ndi ndalama monga ku New Zealand?" Apa ndisakulonjezeni zazikulu. Zoonetsa alendo tili nazo. Tili ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale pa boma, imene inatsegulidwa mu 2004, momwe muli chinyama chakalekale chija chotchedwa Malawisaurus. Tili ndi phiri la Mbande, likulu lakale la a Kyungu. Tili ndi manda a asilikali amene anafa pankhondo ya Angerezi ndi Ajeremani mu September 1914. Tili ndi Uraha, kumene mu 1991 anapeza chibwano cha munthu wakalekale. Njira zosamalika zolumikiza malo otereŵa zingapatse ntchito achinyamata operekeza alendo ndi obwereketsa njinga. Koma zimenezo zidze pambuyo. Tikonze njirayo chifukwa cha ife eni. Mlendo akadza, adzapeza tikuyendamo kale.

Mau otsiriza

Mafumu, amayi ndi abambo, anzathu a kutali anaona njanji yakufa nkuipatsa ntchito yatsopano. Ife tili ndi miseu ndi njira zimene makolo athu analima ndi thukuta, ena ndi misozi. Zikatsekedwa sitidzazipezanso, chifukwa anthu tikuchuluka koma malo sakukula.

Pempho langa ndi ili. Sabata ino kalasi iliyonse ipeze mkulu mmodzi wodziŵa njira zakale, iyende naye, ilembe zimene wanena. Tikadzakumananso, kalasi iliyonse idzabwere ndi mapu ake ndi dzina la njira imodzi imene yasankha. Mapuwo tidzawapereka kwa mafumu athu ali panoŵa kuti atitsogolere.

Muyende bwino pobwerera kumudzi, ndipo a njinga musamale pamseu.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Tchulani zifukwa zitatu zimene njanji yakale imakhalira njira yabwino ya njinga.
2. Kodi mlatho wa Dona Ana unasintha ntchito kangati? Tikuphunzirapo chiyani?
3. Mseu wa Stevenson unayambira kuti, ndipo unkapita kuti?
4. Kodi kwanuko kuli njira imene inalipo kale koma tsopano yatsekedwa? Inatsekedwa bwanji?
5. Jambulani mapu a njira yochokera kumudzi kwanu kupita kusukulu. Onetsani malo oopsa.
6. Lembani kalata yaifupi kwa a gulupu yopempha msonkhano wokambirana za njira.